Nyemba za m'kapu

Makandanyama,
Kabwe.
14 Ogasiti 1978.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kwathu ku Ntcheuko. Nanga chifuwa chija chinasiya? Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo.

Mimba yalowa mwezi wachisanu ndi chitatu. Amuna anga a Sailas anatumizidwa ku Livingstone kukakonza njanji, abwera mwezi wamawa, ndiye ndatsala ndi apongozi awiriwiri. M'tauni muno sopo ndi mafuta ophikira akusowa, anthu akuswera pamzere. Ine ndimangomva kwa ena, mwinanso mzerewo ndimausirira, chifukwa lero ndakwanitsa masabata asanu osatuluka mumpanda.

Apongozi si munthu woipa, Amayi. Ndi iwo anakaika maliro a mwana wanga woyamba uja, amene anabadwa osalira, ndipo mpaka lero akamutchula amatembenukira kukhoma. Koma anatsimikiza mumtima kuti anafa chifukwa ndinkaonetsa mimba kwa anthu achilendo kuchipatala. Ndiye pano malamulo achuluka kuposa a chipani. Mazira ayi, kusuzumira panja ayi, kuima pakhomo ayi, akuti mwana adzaimanso pakhomo tsiku lobadwa. Ndikafuna mphepo ndimakhala pansi pa mpapaya kuseri, kumamvera sitima zikupita kwa eni ake.

Ulendo womaliza umene ndinapita kusikelo, a Sailas asanachoke, namwino anaika kalipenga kachitsulo pamimba panga, khutu lake kunsonga inayo, maso ali pa wotchi ya pachifuwa. Anamvetsera nthawi yaitali, n'kusuntha, n'kumvetseranso. Kenaka anandiyang'ana nati, "Mami, mtima wa mwana uli slow pang'ono. Uzibwera every week, wamvera?" Anandiuzanso kuti ndiziwerenga mwana akatakataka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo zikapanda kukwana khumi ndithamange.

Apongozi atamva za kalipengako anakwiya, anati mwana wosabadwa samveredwa ngati wailesi. Ndinawachonderera, koma ayi. Tinagwirizana chimodzi chokha, chowerengacho. Mwana akatakataka ndimaponya nyemba imodzi m'kapu, madzulo iwo n'kuwerenga.

Apa ndi pamene ndinadzikola ndekha. Mwanayu ali ndi chidikwidikwi ngati cha bambo ake akadya tsabola. Masana aliwonse amayamba, diku, diku, mimba n'kumadumpha pamalo amodzimodzi. Ine ndi chimwemwe changa ndinkaponya nyemba pa kudikula kulikonse, kapu n'kudzaza dzuwa lisanapendeke. Apongozi ankaitenga kukaonetsa anzawo a mvano, amvekere taonani mdzukulu wanga mphamvu zake, chipatala n'chachiyani. Ndinawapatsa ndekha chingwe chondimangira.

Dzulo kunabwera a Phyllis, mnansi wathu amene amakolopa kuchipatala, kudzabwereka sefa. Anaona kapuyo n'kuseka, koma nditawafotokozera kuseka kunatha. Anati iwo si namwino, koma amamva tsiku ndi tsiku azimayi akuuzidwa kuti chidikwidikwi n'chabwinobwino, sichoopsa, koma sichiwerengedwa. Chowerengedwa ndi kumenya ndi kutembenuka basi.

Lero ndawerenga moyenera. Dzuwa lapendeka, Amayi, ndipo m'kapu muli nyemba zinayi. Ndawaonetsa apongozi, iwo akuti mwana watopa ndi masewera a dzulo, ndimwe phala ndigone. Koma ine ndikukumbukira kuti woyamba uja anayambanso choncho, kuchepetsa pang'onopang'ono, ine n'kumati ndi waulemu. Ndikuopa kwambiri. Ndayesa kuika chikhatho, ndayesa kugona chammbali n'kusunga mpweya, koma mtima umene ndikuumva ndi wanga wokha.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Uzani amalume a Saulos akuthandizeni za chiphaso chodutsira malire, mukwere basi ya ku Chipata, mukafika ku Lusaka mufunse ya ku Kabwe. Mawu anga m'nyumba muno ndi a mwana, koma inu ndi apongozi mukhoza kukhala pamphasa imodzi n'kumvana. Ndipo mwina mudzandipeza ndili ndi mlandu, chifukwa cha zimene nditi ndichite tsopano.

Apongozi ndawauza kuti ndikulembera inu kalata yokuitanani kuti mudzaone mwana akabadwa, ndipo sindinaname. Miyendo ikuwapweteka lero, a Phyllis ali kuntchito, palibe wina wokaponya. Andilola kupita ndekha kupositi, bola ndisaime pakhomo potuluka ndiponso ndisacheze ndi munthu panjira. Pakhomo sindiima. Koma kuchoka kupositi kufika kuchipatala ndi mtunda ngati kuchoka kwathu kufika kudambo, ndipo sindibwerera kuno kalipenga kaja kasanandigunde pamimba.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Zacheus ndi alamu, kwa amalume, kwa azakhali a ku Bawi, ndi kwa mng'ono wanga Norah. Mumuuze kuti nsalu yake ndikuikumbukira.

Mutipempherere tonse awiri. Kapu ndaisiya pawindo kuti apongozi aziona, koma nyemba yachisanu ndaitenga, ili m'manja mwangamu.

Ndine mwana wanu,
Alefa.