Chotsekera Chofiira pa Dimba Lanu

Amai, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Ndatenga nthawi osakulemberani, ndipo ndikudziwa mukanati Esnati amakumbuka amake pokhapokha nsapato ikamuthina. Simukunama. Koma ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana naye munthu wotula nkhani yoipa asanamwe n'komwe madzi a pakhomo.

Mkazi wa mlongo wanga Lazaro anachira kuchipatala cha ku Petauke, mwana wamwamuna, makutu otambalala ngati a atate. Lazaro akuyenda ngati wabereka ndi iye. Mtedza chaka chino unatikomera, nkhokwe inadzaza mpaka tinabwereka matumba. Mpendadzuwa wokha ndiye tinagawana ndi mbalame, ndipo zinatenga gawo la mkulu. Mbuzi yanu yamakani ija ikadalipo, mwezi watha inadya theka la kaundula wa kalasi yanga. M'bale wanga Misozi akadali ku Lusaka, akugwira ntchito ya m'nyumba, amaimba foni Lamlungu lililonse. Mwana wake Velina ndili naye ine. Watalika, Amai, wandifika m'khutu. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu amathirira dimba lija munamusiyira, ndipo lepu wake amagulidwa asanafike n'kumsewu komwe.

Nkhani yandikhazika pansi ndi ya dimba limenelo. Akufuna kumulanda, ndipo amene ndinawatsegulira njira ndine.

Mukukumbuka tsiku limene Velina anabadwa? Azimayi a m'wodi monse anabwera kudzasuzumira, ati tione kamzungu. Atate ake, mzungu uja wa pakampu ya okonza msewu ku Kacholola, anali atapita kale pamodzi ndi makina awo, osasiya ngakhale nambala ya foni. Mlongo wanu, amalume Yotamu, anakana kumunyamula. Inu munamulandira, n'kumupatsa dzina lanu lomwe, n'kunena kuti kwathu timawerenga mimba, sitiwerenga nkhope. Ndipo mutadwala munaitana ife tonse, amalume ali pomwepo, n'kunena kuti dimba la kumtsinje ndi la Velina. Palibe anatsutsa. Ndazindikira tsopano kuti ena ankangodikira kuti mutseke maso.

Kalasi ya akuluakulu ija ndimaphunzitsa Loweruka pasukulu yathu ya ku Nyampande inakula. Tinayamba ndi a, e, i, o, u, koma chaka chatha kabungwe kena kanatitengera ku Nyimba sabata yathunthu, kukatiphunzitsa kutsogolera zokambirana za chilungamo pakati pa anthu a khungu losiyana. Nditabwerako ndinayamba ndi nkhani yanu ija, ya muli kamtsikana pa Boma, pamene munkagula mchere pawindo la kumbali chifukwa pakhomo la sitolo pankalowa azungu okha. Amai, anthu anamasuka ngati ndatsegula khola. ADaka, amene ndi mlembi wa kalasi, anafotokoza za pakampu ija, kuti panali mipopi iwiri ya madzi, ndipo iwo ankayendetsa chigalimoto chofanana ndi cha mzungu koma malipiro osayandikana n'komwe. Amai Mwanza analira pofotokoza za famu ya alendo ija inatchinga ndi waya njira ya kumtsinje ndi dambo lonse lodyetsera ng'ombe. Anthu amene zaka zonsezi ankavula chipewa galimoto ya pafamupo ikamadutsa anayamba kufunsa kuti malowo anawapereka ndani. Ndinkanyada. Ndinkati mukanandiona. Ndinaiwala mawu anu aja akuti walira mvula walira matope.

Tsiku lina tinajambula mapu a dera lathu pabwalo la sukulu, monga anatiphunzitsira. Mtsinje ndi njira tinalemba ndi phulusa. Pa munda uliwonse wa munthu wa pamudzi pano tinkaika njere ya chimanga, ndipo pamalo alionse amene ali m'manja mwa alendo tinkaika chotsekera cha botolo chofiira. Lamulo lalikulu limene anatipatsa ku Nyimba linali lakuti wotsogolera asadzudzule munthu, palibe yankho lolakwa, aliyense aike zimene zili kumtima kwake. Ndinalibwereza lamulo limeneli katatu, monyadira ngati ndalipeka ndine.

Zotsekera zinagwa pafamu, zinagwa padambo, zinagwa pamene amadula mitengo. Kenaka amalume Yotamu, amene chiyambire sanalankhulepo m'kalasi, anadzuka, n'kutola chotsekera chimodzi. Anawerama pamene panali dimba lanu, anachotsa njere ya chimanga imene ndinaika ndekha, n'kuikapo chofiiracho.

"Apa napo ni pa azungu," anatero. "Mailo atate ake a Velina akabwela na mapepala, muzakamba chani?"

Anthu onse anayang'ana ine. Ndipo ine, mwana wanu, amene munkati pakamwa panga sipagona ntchentche, ndinati zikomo amalume, tamva maganizo anu, pali winanso? Ndinaganiza kuti ndikatsutsa, anthu adzati aphunzitsi akuswa lamulo lawo lomwe chifukwa nkhani yakhudza pakhomo pawo. Ndinati ndikazikonza kunyumba, mwachibale. Sindinaganizeko zoti aDaka akukopera mapuwo pa chipepala chachikulu, malo alionse a chotsekera akuzunguliza ndi inki yofiira. Pomaliza onse anadinda chala, ndipo dzina langa lili pamwamba penipeni, poti ndine mphunzitsi. Chipepalacho chinapita ku komiti yoona za malo.

Komiti inayankha sabata yatha. Akuti Lachisanu likubwerali anthu ayende pamalo onse ofiira, azule mipanda, malowo abwerere ku mudzi. Amai, inu mukuwadziwa anthu athu. Pafamu paja pali waya, alonda ndi agalu, ndipo eni ake ali ndi maloya ku Lusaka. Pa dimba lanu pali mpanda wa bango ndi mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Mukuganiza kuti ayambira kuti?

Zizindikiro zayamba kale. Lolemba Velina anapeza nthambi ya minga itagonekedwa pakanjira kolowera m'dimba, yoikidwa bwinobwino, osati yogwa ndi mphepo. Lachiwiri nthochi ziwiri za m'mbali mwa mpanda zinapezeka zitadulidwa, mikoko yake itasiyidwa pomwepo, kusonyeza kuti wodulayo sinali njala. Ndikafika pachitsime nkhani zimatha, azimayi amayamba kufunsana za mitengo ya sopo. Mnzake wa Velina uja ankamudikira panjira ya kusukulu, amake amuletsa. Palibe watitukwana. Onse akupereka moni bwinobwino, ndipo n'zimene zikundiopsa kwambiri.

Ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukhomera mpini wa nkhwangwa, ndipo sanasiye ntchitoyo nthawi yonse imene ndinali kulankhula. Ndinawakumbutsa mawu anu. Iwo anati akufa salima. Anati alibe chifukwa ndi mwanayo, adye, avale, aphunzire, koma nthaka ayi, chifukwa dambo linapitanso chonchi, ndi munthu mmodzi womwetulira ndi pepala limodzi. Ng'ombe zawo zinayi zinafa chaka chimene waya unadutsa, zimenezo ndikuzidziwa, ndipo mantha awo sindikuwaseka. Koma ndinawafunsa kuti, munthu amene anathawa mimba angabwerere mabedi asanu a lepu? Anangoyesa nkhwangwa ija pa chitsa.

Ndinapitanso kwa aDaka kukapempha kuti tifute chizungulire chimodzi chokhacho. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando, koma anati chimene anthu adinda chala munthu mmodzi sangachifute.

"Madamu," anatero, "ndimwe munatiphunzitsa kuti tileke kuopa khungu loyela. Lelo mufuna tiyambenso?"

Ndinangobwerera kunyumba, Amai. Ndinawaphunzitsa kuona amene amawapondereza, koma sindinawaphunzitse kuti khungu lokha si mlandu, ngakhale likhale loyera. Phunziro limenelo ndinaliika kumapeto kwa buku, ndinkati tidzafikako mvula ikatha. Ndinkaona ngati n'losavuta. Ndinkaganiza kuti poti Velina amatunga nawo madzi, amavina nawo, amalira nawo maliro, ndiye kuti onse amamuona monga timamuonera ife.

Kwa mwanayo sindinanene kanthu, ndinkati ndimuteteze. Koma pamudzi palibe chinsinsi. Lero m'mawa ndinaona kuti akuchedwa kutuluka, keni yothirira ili pakhomo. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini atakhala pa mtondo. Anali atapala mwaye wa kunsi kwa mphika, n'kuusakaniza ndi mafuta odzola m'chivindikiro, ndipo anali atamaliza mkono umodzi ndi theka la nkhope. Tsitsi lake lija munkalipesa ndi zala analimanga zolimba m'duku lanu lakale. Sanadzidzimuke pondiona. Anandifunsa ngati kumbuyo kwa khosi kwafika.

"Nifuna pa Chisanu akanipeze nili monga imwe," anatero.

Amai, ndinalira pamaso pa mwana, chinthu chimene munandiletsa. Ndinatenthetsa madzi n'kumusambitsa ndekha ngati khanda. Mwaye wa mafuta suchoka msanga, ndinachita kupaka sopo katatu, ndipo khungu lake linafiira chifukwa chokwecha. Ndinamuuza kuti wolakwa si iye, si nkhope yake, ndine amene ndinakhala chete pamene ndinayenera kulankhula. Anamvetsera, kenaka anafunsa ngati angapitebe kukathirira, chifukwa tomato wayamba maluwa. Tinapita tonse awiri. Kusukulu lero sanapite, ndipo inenso sindinapite.

Misozi ndamuimbira. Akuti apempha abwana ake kuti akwere basi ya mawa, koma sakudziwa ngati amulola. Lazaro akuti iye sangalimbane ndi amalume, ali ndi khanda. Sindikumuda. Amai Mwanza okha ndi amene anandigwira dzanja panjira madzulo ano, n'kunena motsitsa mawu kuti zimene zikuchitikazi si zimene analirira. Sananene ngati abwera.

Ndiye Lachisanu ndidzalawirira. Velina ndidzamusiya kwa abusa, asaone. Ine ndidzakaima pakhomo la dimba, opanda khasu kapena ndodo m'manja. Obwerawo ndikuwadziwa onse, ambiri a iwo ndinawagwira dzanja polemba dzina lawo koyamba. Ndidzawauza kuti pali yankho lolakwa, ndipo ine ndinaliona likuikidwa pansi n'kunena zikomo. Ndidzawauza kuti ngati akupita kwa waya uja ndipita nawo, ndidzakhala patsogolo. Koma ngati akufuna bango ili, aliyense adzayambe wandiuza, akundiyang'ana m'maso, dzina la mzungu amene akumulanda malo pano.

Kaya adzamva, sindikudziwa. Ndili ndi mantha, Amai, sindikubisirani. Ngati kumeneko amakulolani kuyendera abale, ayendereni alongo anu Lachisanu lisanafike, inu nokha ndi amene ankakuopani.

Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti pakhomo la dimba lija sindidzasunthapo ndi miyendo yanga.

Ndine mwana wanu,
Esnati