Za Botolo Lija Sindipepesa

Bangwe, Blantyre
14 Juni 1996

Okondedwa achimwene a Yakobe,

Moni wochuluka. Muli bwanji kumeneko ku Phalombe? Mwendo wa amayi uja watani? Ine ndili bwino, kungoti chiperoni chandipatsa chifuwa.

Kalata yanu ndalandira. Mukuti ndikapepese kwa ahedi kuti ntchito isandithere. Achimwene, sindipepesa. Amene anakuuzaniyo anaidula nkhani, ndiye imvereni kwa mwini wake.

Ndinkaphunzitsa a Fomu 4 za mphamvu imene imakokera zinthu pansi. Ndinawauza kuti munthu atatsekeredwa m'bokosi lopanda zenera, n'kumamva thupi kulemera, sangadziwe ngati likumukoka ndi dziko kapena ngati bokosilo likukankhidwira kumwamba liwiro likunka likula. Ndipo bokosilo litamagwa, kulemerako sangakumvenso. Mtsikana wina, Constance, anati ndikuwanamiza, ndiwaonetse.

Ndinaboola botolo chakumunsi, n'kudzazamo madzi, n'kukwera padenga pa makwerero a akalipentala. Ndili chigwirire botololo, madzi ankathamanga pabowopo. Nditalisiya, analeka kutuluka mpaka linafika pansi, chifukwa madzi ndi botolo zinkagwera limodzi, panalibe chopanikiza chinzake. Ana anakuwa. Anandibwerezetsa kanayi.

Mawa lake Constance yemweyo anafunsa kuti wolondola ndani, woyeza kagwedwe ka chinthu ali chiimire pa siteji kapena woyezera mu minibasi ikukhota. Ndinati onse. Manambala awo asiyana, koma lamulo la chilengedwe likalembedwa bwino limakhala limodzi kwa aliyense, ayezere pomwe akufuna. Mwana ameneyu kale ankagona m'kalasi. Tsopano akuti adzaphunzira sayansi.

Ahedi athu, a Venansio, anandiitana. Anati zimenezi mulibe mu silabasi, komanso mayi kukwera padenga atavala buluku kwanyozetsa sukulu pamaso pa makolo. Akufuna kalata yopepesa kuti aiwerenge pa asembule, ana onse akumva. Ndinawayankha kuti silabasi ndinamaliza mu Meyi, ndipo lamulo loletsa mabuluku linatha. Andiimitsa milungu iwiri. Pa 24 ndikaonekera ku komiti ya sukulu.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Ntchito kuno n'zosowa. Koma ndikapepesa, anawo aphunzira kuti kufunsa n'kulakwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Loweruka lathali anabwera ana khumi ndi mmodzi pakhonde panga, osaitanidwa, ndi makope awo.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutukesi yanga kuchipinda kwa amayi muli kope lachikuto chobiriwira la kukoleji. Mupatsire aliyense wobwera ku Limbe sabata ino. Ndikufuna akomiti akaone okha kuti zimenezi sindinazilote.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga, azakhali ndi ana onse. Mphasa munati mwandikonzera ija ipindeni kaye. Ndibwera sukulu ikatsekera, osati isanatseke.

Ndine mlongo wanu,
Helena