Chigalimoto Chanu Chandiswera Mazira

Bambo a mapasa,

Ndathamangira kukapepesa kwa kasitomala wanga wa mazira. Chigalimoto chanu munachikweza ngati nyumba yosanja chija chandichititsa manyazi lero. Nditangodumpha hampu ya pamsika, chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati chagwidwa ndi malungo, mpaka magalasi anga kugwa. Mathireyi onse anayi phwaa!

Paja mumati vuto ndi kayendetsedwe kanga eti? Makaniko wasuzumira kunsi, akuti mabushi anatha, mabawuti akutsogolo akhwefuka, ndipo chikwezereni simunapangitse alayimenti yowongola matayala. Abwera madzulo ano kudzakonzera pakhomo pompano.

Chonde, musayerekeze kukatengera ana kusukulu pa chimenechi, mupite wapansi. Poti ndimakudziwani, makiyi ndawaponya m'beseni la mazira oswekawo, mufiriji. Pepanitu. Mukakazinga ndi kudya onse, muwapeza.

Mayi a mapasa