Ndasiya Kuseka Kuti Makwinya Achepe

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 37, wa ana asanu. Funso langa mwina likuseketsani, ndipo sekani ndithu, chifukwa ine ndinasiya.

Tinabadwa mapasa, ine ndi Bernadette. Tinkafanana kwambiri moti amayi ankandimanga ulusi wofiira pamkono kuti asasambitse mwana mmodzi kawiri. Iye anakwatiwa ndi mwamuna wa ku migodi n'kupita ku Luanshya boma la Chitaganya lisanayambe, ndipo tinatha zaka khumi osaonana. Mu Meyi muno anabwera kudzacheza. Atatsika basi, ndinaona nkhope yanga yakale ikubwera itanyamula sutikesi. Yake ndi yosalala. Yanga ili ndi mizere iwiri yakuya yochokera m'mbali mwa mphuno kutsikira kukamwa, ndi tina ting'onoting'ono pamilomo. Kondakitala anandifunsa ngati ndine mayi ake aang'ono.

Amuna anga, a Cosmas, amayendetsa lole yonyamula mtedza kupita ku Lusaka. Atamuona mlamu wawo anawomba m'manja nati, “Mulamu, kansi neo ninasankha molakwa!” Onse anaseka, koma ine mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa, pakuti kusankha kunalipodi. Tsiku limene anabwera kudzafunsira, amalume anawauza kuti mbeta zilipo ziwiri pakhomo pano ndipo nkhope ndi imodzi, nanga akufuna uti? Iwo anayankha kuti, “Uja anaseka kuchitsime mpaka kugwetsa mtsuko.” Ameneyo ndinali ine.

Kuyambira Meyi ndakhala ndikufunsa aliyense. Akazi a aphunzitsi anati ndizipaka choyera cha dzira m'mawa. Ndinayesa sabata ziwiri. Khungu limakokekadi likauma, koma ndikangosamba mizere ija ndi iyo, ndipo ntchentche zinandizolowera. Bernadette anandisiyira kabotolo ka kirimu woyeretsa khungu amene akuti akazi onse a ku migodi amadzola. Sindinatsegule. Kulinso amayi ena kwa Nyalugwe amene amatema mphini m'mbali mwa kamwa n'kupakamo phulusa la muzu wina, ati khungu limalimba. Anati ndipite tikamaliza kukumba mtedza.

Chimene ndagwiritsitsa ndi malangizo a Bernadette akuti nsalu imachita makwinya pamene umaipinda, choncho ndisamatsegule kamwa poseka. Miyezi itatu tsopano ndimangomwetulira milomo ili chitsekere. A Cosmas anaganiza kuti dzino likundiwawa ndipo anandigulira mankhwala ku Lusaka. Kale akabwera ku ulendo ankakhala pakhonde n'kundisimbira za pamsewu, za matayala ophulika ndi anyani a ku Luangwa. Masiku ano amasamba, amadya, n'kupita kukasimbira anzawo kusitolo. Zimenezi zikundiopsa kuposa mizere.

Ndiuzeni, Aphungu. Mimba imodzi, tsiku limodzi, nanga nkhope zasiyana bwanji? Kodi ndi madzi a m'mipopi? Kodi ndi zoona kuti azungu amakokedwa khungu n'kusokedwa ngati diresi? Nditsegule kabotolo, kapena ndipite kwa Nyalugwe?

P.N., Nyimba.

Amai P.N.,

Sindinaseke. Chabwino, ndinaseka pang'ono pa ntchentche paja.

Tiyambe ndi funso la mapasa, chifukwa ndi funso la munthu woganiza. Madzi a m'mipopi alibe mlandu. Munabadwa ndi khungu limodzi, koma simunaligwiritse ntchito mofanana. Inu mwalima zaka khumi padzuwa la ku Nyimba, mwaphika mu utsi, mwayamwitsa ana asanu. Mbale wanu watha zaka zomwezo pansi pa malata. Dzuwa ndilo limaumitsa khungu kuposa china chilichonse. Onaninso ngati munazula mano a m'mbali, chifukwa tsaya likasowa poyedzamira limagwa ndipo mzere umazama.

Kabotoloko musatsegule. Makirimu oyeretsa sachotsa makwinya. Amangosupula khungu kuti lioneke losalala, ndipo ambiri ali ndi mankhwala oopsa. Ndaona akazi amene anadzola zaka zingapo: masaya anachita mawanga akuda osachoka, ndipo dzuwa limawawotcha ngati makanda. Ndi chikomekome cha nkuyu chimenecho. Mumulembere Bernadette kalata, mumuuze mwachikondi kuti naye asiye.

Kwa Nyalugwe musapiteko. Mphini ndi bala, ndipo bala limasiya chipsera. Mukapita ndi mizere iwiri, mukabwera ndi mizere iwiri yomweyo ndi zipsera khumi, mwinanso ndi chilonda cha lumo limene latema anthu ena. Mazira aja apatseni ana adye.

Za azungu munamvazo ndi zoona. Kuli madokotala kumizinda yakutali amene amadula khungu pafupi ndi makutu n'kulikoka. Ndi opaleshoni yeniyeni, yowawa, yodula mtengo, ndipo zaka zikapita khungu limabwerera mwakale. Siyani zimenezo.

Zimene zingathandize n'zapafupi. Musasambe kumaso ndi sopo wochapira zovala. Mukasamba, khungu lisanaume, pakani mafuta pang'ono a mtedza kapena a nsatsi osefedwa bwino, ndipo sisitani mopepuka ndi nsonga za zala. Kumunda valani chipewa chachikulu cha mlaza, anthu aseke. Ngati mumasuta kaliwo, musiyeni, chifukwa timizere ta pamilomo timakonda osuta. Idyani mokwanira, pakuti nkhope yowonda imaonetsa mzere uliwonse. Ngati mano anachoka, kafunseni kuchipatala za mano oikirira. Mukachita zimenezi khungu lidzafewa ndipo mizere idzaoneka yosazama. Koma ndisakunamizeni: kuchokeratu sidzachoka, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo akufuna nkhuku yanu.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mawu aja a amuna anu anali a chilamu, ndipo inunso mukudziwa kuti mlamu amanenedwa zoposa pamenepo anthu n'kuseka. Komabe anakupwetekani, ndipo a Cosmas ayenera kudziwa. Auzeni muli awiri, mosabisa, kuti nthabwala ija inakulasani. Munthu amene anaimitsa lole ku Lusaka kukafunafuna mankhwala a dzino lanu si munthu amene akudandaula kuti anasankha molakwa. Ndi munthu amene wasokonezeka. Nanga inu mungasimbire nkhani munthu amene wangoti duu ngati ali kubwalo la milandu?

Bernadette sananame, nsalu imachitadi makwinya pamene imapindidwa. Koma nsalu imene siipindidwa ndi imene ili m'sitolo, yopanda mwini.

Chenjerani, amai. Mizere ija yakhala pankhope panu zaka zambiri, ndipo amuna anu ankabwerabe pakhonde. Mwasiya kuseka miyezi itatu yokha, ayamba kale kupita kusitolo. Werengani bwino pamenepo. Pamaso pa amalume anu sanasankhe nkhope, chifukwa nkhope zinali ziwiri zofanana. Anasankha uja wogwetsa mtsuko. Akamabwera ku ulendo uno, amupeze pakhomo.

Aphungu.