Chikwama cha Bambo Rifaat Chisadikire Masiku Makumi Anayi

Kwa Mayi Nagat, ana ndi adzukulu a malemu Bambo Rifaat Ghoneim, ndi kwa onse owerenga,

Ife a Bungwe la Amayi a Ovala Zofiira, amene amuna athu ndi ana athu akudikira chingwe m'ndende ya kuchipululu, talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti Bambo Rifaat atisiya Lamulungu masana, atakomoka patebulo lawo lija kunja kwa khoti, cholembera chili m'manja.

Kwa zaka makumi atatu malemuwa analembera makalata anthu osadziwa kulemba, ndipo mwa makalata awo opempha chifundo kwa Pulezidenti, khumi ndi anayi anavula anthu zovala zofiira za odikira chingwe n'kuwabwezera zovala za akaidi wamba. Anatiphunzitsanso kumva nkhani ndi makutu awiri. Zitaululika kuti mlamu wa nduna wagulitsa tirigu wa m'nkhokwe za boma, ine ndinasangalala kuti akuluakulu nawo alaweko. Malemuwa anaika tiyi pansi n'kundiyankha.

"Amake Ziyad, mutu wakowo ndi wosenzera buledi basi? Akuluakulu akachita manyazi amafuna khosi la wina loti aonetse anthu. Thamanga ukatenge mapepala a mwamuna wako."

Sabata isanathe Pulezidenti analankhula pa kanema za kuthetsa umbanda, tirigu osamutchula n'komwe, nalonjeza kuti onse oweruzidwa kuti aphedwe anyongedwa mwezi uno usanathe.

Mayi Nagat, mutikhululukire polankhula za ntchito misozi yanu isanaume. Tikudziwa kuti kwanu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka patapita masiku makumi anayi, koma ife masiku amenewo tilibe. M'chikwama chawo chachikopa muli makalata athu asanu ndi anayi opempha chifundo, ndipo akapanda kufika ku ofesi ya Pulezidenti Lachinayi masana, palibe adzawawerenge. Asanu ndi atatu anamaliza kuwalemba. Wotsalayo ndi wa mwamuna wanga, Hamdi. Tibwera Lachiwiri kudzamwa nanu khofi wowawa wa maliro. Chonde mudzatitulutsire chikwamacho, ndipo tidzabweza chilichonse chimene si chathu.

M'malo mwa amayi onse a bungweli, ndikupepesa kwa inu ndi banja lonse, ndipo ndikupempha Mulungu, amene tonse tinachokera kwa Iye ndipo tidzabwerera kwa Iye, kuti awachitire malemuwa chifundo chimene ankapemphera ena, ndi kuti akulimbitseni mitima.

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, ndipo malemu ankati zilembo zanga zili ngati papalasa nkhuku. Komabe kalata ya Hamdi ndiimaliza ndekha. Wogulitsa tiyi pakhotipo, amene anaipinda n'kuiika m'chikwama, akuti inalekezera pa mawu akuti "ali ndi mwana wa zaka". Zotsalazo ndikuzidziwa.

Sabah Hegazy, amake Ziyad
Wapampando, Bungwe la Amayi a Ovala Zofiira