Galu Amene Anaphonya Sitima

Lachisanu, 18 Julayi

"Buku lililonse la pamndandanda wa tchuthi chino aphunzitsi aliwerenga, alisinkhasinkha, alivomereza." Atero a Kuwabara, ahedi athu, m'kalata yopita kwa makolo. Ana 312 anyamula mndandandawo lero.

Mabuku khumi. Enieni ndi asanu ndi anayi. Lakhumi ndinalipeka ine mwezi watha, kungotseka mzere podikira kuti ndipeze buku loyenera: *Galu Amene Anaphonya Sitima*. Ndinaiwala kufufuta. Pepala linazungulira mu ofesi, linabwera ndi zidindo zinayi zofiira za mabwana, zolivomereza. Pepala lodindidwa silikonzedwa ndi cholembera, limafuna kalata yopepesa. Ntchito yanga ya mulaibulale ndi ya chaka chimodzichimodzi, amaiunika mu Okutobala. Kalatayo sindinalembe.

Lachitatu, 23 Julayi

Kutentha. Nyenje kulira ngati zalipidwa. Mafoni atatu ofunsa za buku la galu. Mayi ake a Rintaro wa sitandade 3 azungulira mashopu anayi. Wogulitsa wina wawauza kuti latha, libweranso. Nayenso kuopa kunena kuti salidziwa.

Lolemba, 4 Ogasiti

A Mizoguchi, achiwiri kwa ahedi, pakhomo la laibulale, akudzipepesera ndi thaulo: "Mayi Tokunaga, mwasankha bwino chaka chino, makamaka la galu lija. Mathero ake, eee!" Ndawerama mwaulemu. Nawonso awerama. Tonse maso pansi.



Lolemba, 1 Seputembala

Sukulu yatsegulidwa. Zimangirizo za mabuku owerengedwa patchuthi zadzaza tebulo. Za galu: 41. Kuposa buku lina lililonse.

Mwa ana 29 galuyo wafa. Mwa asanu ndi atatu wakwera sitima yotsatira. Wina akuti ndi woyera, wina wamawangamawanga. Onse aphunzirapo kufunika kosunga nthawi. Zilembo za ana, maganizo a amayi awo. Zina zikununkha khofi.

Cha Rintaro chokha ndi chake. Galu wake wangokhala pasiteshoni, akudya mpunga umene anthu agwetsa, ndipo sakufunanso kupita kulikonse. Ndaseka, kenaka misozi. Buku lake ndi labwino kuposa asanu ndi anayi enieni aja.

Lachinayi, 11 Seputembala

Komiti yasankha cha Rintaro kupita ku mpikisano wa mzinda. Kumeneko amafuna dzina la mlembi ndi la kampani yosindikiza. Akapeza kuti kulibe, wabodza adzakhala mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, osati ine.

Ndamufunsa Rintaro pakhonde ngati analiwerengadi. "Ayi, aphunzitsi. Koma musauze amayi, iwo akuti analiwerenga ali mwana."

Lachisanu, 12 Seputembala

Pamsonkhano wa m'mawa ahedi ati galuyo anawakumbutsa malemu bambo awo. A Mizoguchi kugwedeza mutu mwachisoni. Ahedi akufuna mlembi wa bukulo adzayankhule kwa ana mu Novembala. Woti amupeze: ine.

Lolemba, 15 Seputembala

Holide. Ndalemba kalata yopepesa, masamba awiri. Mzere woyamba, zilembo zikuluzikulu: bukuli kulibe, ndinalipeka ndine, mwanayo asapite nalo ku mpikisano. Bambo a kunyumba akuti, "Ukanangolemba bukulo, lili kale ndi owerenga 41." Ndayang'ana ntchito m'nyuzi. Shopu ya nsomba ikufuna wokulunga.

Lachiwiri, 16 Seputembala

9:05, kalata ndaiika m'thireyi ya mapepala ozungulira. Makapu anga awiri ndalongedza kale m'chikwama, kudikira kuchotsedwa ntchito.

9:20, yabwerera. Zidindo zinayi, zonse zowongoka bwino. Adinda osaiwerenga. Pakona kapepala ka a Kuwabara: "Zikomo chifukwa cha khama lanu. Muitanitse makope asanu a buku la galu."