Timadontho Toyera pa Galimoto ya Malemu

Lolemba, 4 Ogasiti

Timadontho toyera pa galimoto. Ndationa m'mawa nditapita kukaliza injini monga ndimachitira Lolemba lililonse. Poyamba ndimayesa phulusa. Kupukuta ndi nsalu, osachoka. Kukanda ndi chala, osachoka. Ndawerenga pa chitseko cha dalaivala pokha, ndafika mazana atatu, maso atopa. Mbali yonse yoyang'ana kumpanda, denga, boneti, buti.

Ndi penti ya Aneba, owotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda. Loweruka ankapopera mageti awiri amene anawotcherera kasitomala, mphepo n'kumabweretsa zonse kuno. Abwera okha ndisanawaitane, chipewa m'manja. "Agogo, ndalakwa, sindinayang'ane mphepo." Bambo wamkulu, wa ana asanu, maso pansi ngati mwana wa sukulu. Ndawapatsa tiyi. Sanamwe.

Galimoto ya malemu amuna anga. Yofiira ngati tsiku limene anaigula. Siigona yosaphimba, koma chophimbacho ndinachichapa Loweruka lomwelo. Tsoka sasimba.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndalakwitsa kumuuza Loya pa foni. Mwana wanga woyamba, dzinali tinamupatsa akadali wamng'ono chifukwa cha makani, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, silinamuchoke. Akuti galimoto yonse ipentedwenso, Aneba alipire. Akakana, akawanenera ku khonsolo kuti akuwotcherera zitsulo pakati pa nyumba za anthu. "Amayi, kukoma mtima kwanuko n'kumene kumakupweteketsani." Abwera Loweruka kudzaona yekha.

Akakanena, shopu itsekedwa. Kupenta galimoto yonse Aneba sangakwanitse, ndikudziwa. Ana asanu aja adya chiyani?

Ndipo ndani anandidzutsa nditagwa m'bafa chaka chatha? Loya anali kutali, pa foni. Aneba ndiwo anathyola loko, akazi awo n'kulowa ndi thawulo kuti ndisachite manyazi.

Mapiritsi a BP atsala asanu ndi anayi. Ndikatenge ena sabata ya mawa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Mulungu amudalitse mpongozi wanga, mkazi wa Loya. Wabwera masana osamuuza mwamuna wake, wachita kupempha chilolezo kwa abwana ake kushopu ya zipangizo za galimoto. M'chikwama kabokosi, m'kabokosi chinthu chabuluu, chofewa ngati sopo wogona m'madzi. Akuti ndi dongo lotsukira penti. Ndaseka. Dongo logula, la m'bokosi! "Musaseke amayi, limeneli lipulumutsa shopu ya Aneba ndi makutu anga kunyumba."

Wandiphunzitsa bwinobwino, ine n'kumabwereza ngati ana amene ndinkawaphunzitsa masamu. Kutsuka galimoto kaye, pamthunzi, fumbi lonse lichoke. Dzanja m'kathumba ka pulasitiki kopyapyala, n'kusisita penti: zonse zomata zimamveka ngati mchenga, ngakhale zimene maso sakuona. Kupopera madzi a sopo ambiri, pasaume. Dongo kuliphwatalalitsa pachikhatho, kuliyendetsa mopepuka, kupita ndi kubwera, osazunguliza, osakanikiza. Likada, kulipinda, mbali yoyera ikhale kunja. Polishi pamapeto, chifukwa dongolo limachotsa ndi wakale yemwe, penti imatsala pamtunda.

Tayesa pa chitseko. Poyamba limalira khwee, khwee. Kenaka zii, kumangotsetsereka. Ndapukuta. Kufiira kokhakokha. Ndinakhala pa chidebe n'kulira pang'ono, iye n'kumachita ngati akufuna nsalu ina.

Taliduladula zidutswa zinayi. Lamulo lake lomaliza, ali kale pageti: "Likagwa pansi, kutaya. Osatsuka, osalimvera chisoni."

Lachinayi, 7 Ogasiti

Aneba atseka shopu tsiku lonse kuti adzathandize. Iwo denga, poti ine sindifikira. Ine zitseko. Akazi awo pa botolo lopopera. Manja a Aneba anazolowera chitsulo, ndakhalira kuwakalipira kuti asakanikize. "Agogo, mukufuna ndiisisite ngati khanda?" Akazi awo ali: "Aphunzire, kunyumba ana asanu sanasambitsepo ndi mmodzi yemwe." Taseka mpaka ine kutsokomola.

Masana tadyera pakhonde tonse atatu. Za Loweruka palibe wazitchula, koma Aneba amangoyang'ana kumsewu galimoto iliyonse ikadutsa.

Zitseko ziwiri zatha, denga latha, boneti theka. Zidutswa ziwiri zada, zatayidwa. Phewa likuwawa, zala zachita makwinya ndi sopo. Mtima uli m'malo.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndekha lero, Aneba apita kukapereka mageti aja. Boneti ndamaliza ndi chidutswa chachitatu. Chachinayi, chatsopano, chosagwirapo ntchito n'kamodzi komwe, chinaterereka m'manja a sopo n'kugwera pa simenti.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mphatso ya mwana wa eni, ndingoitaya? Ine amene ndimachapa matumba a pulasitiki n'kuwayanika pachingwe? Ndinachitola, ndinachitsuka pampopi, ndinavala magalasi n'kuchotsa timchenga tisanu ndi tiwiri ndi singano. Ndinati tatha.

Sitinathe. Pa buti pali mizere itatu, yaitali ngati mkono, yowongoka ngati yolemba ndi rula.

Ndaimbira mpongozi. Sanandikalipire, anangoti "Amayi inu," kawiri. Ataweruka wabwera ndi dongo lina, tamaliza buti, tapaka polishi galimoto yonse, iye kupaka, ine kupukuta. Ikuwala ngati kale. Koma mizereyo ikuoneka ndithu dzuwa likawomba cham'mbali.

Aneba ataiona ati anene kuti ndi iwo, poti mlandu ndi wawo kale, wina kuwonjezera sikusintha kanthu. Munthu ameneyu! Kumeneko ndiye kutseka shopu ndi manja awo. Ndawauza kuti akangoyerekeza, moni wanga amuiwale.

Loweruka, 9 Ogasiti

Loya wafika ndi nkhope ya kukhoti. Moni wachidule, tiyi wakana. Wazungulira galimoto kawiri. Mkazi wake wamupatsa kathumba ka pulasitiki, wasisita zitseko, denga, boneti. Palibe. Kenaka buti. "Nanga izi?" Foni ili kale m'manja, maso kumpanda.

Ndinati ndine. Ndinafotokoza zonse, dongo logwa, mpopi, magalasi, singano. Anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wake, n'kuphulika kuseka mpaka kutsamira pa galimoto, ine n'kumuchotsapo, polishi akadali watsopano. "Singano, amayi? Nanga inuyo ndikakunenereni kwa ndani?" Foni inabwerera m'thumba.

Kwa Aneba sanapepese, pakamwa pake sipanazolowere. Anangoima pageti lathu, kuligwedeza, n'kufunsa kudzera pamwamba pa mpanda kuti mahinji odyeka ndi dzimbiriwa angawasinthe liti. Aneba anamva. "Tsiku lililonse, achimwene."

Tiyi uja Loya anamwa, makapu awiri. Zikomo Ambuye.

Lolemba, 11 Ogasiti

Makina odulira zitsulo ayamba kulira kuseri kwa mpanda ine ndisanamalize kusesa. Zaka zonsezi akangoyamba ndimathamangira kukatseka mazenera atatu a mbali imeneyo, uku ndikung'ung'udza. Lero ndawatsegula onse atatu.